Kapinga wa Bambo Fackson

Mumsewu wathu ku Kuwadzana, pakhomo pa nyumba iliyonse pali chinthu chodyetsa anthu. Wina analimapo ndiwo zamasamba za kovo ndi repu, wina anamangapo kashopu ka malata, wina khola la nkhuku zoyera zija. Amene alibe chochita napo amangosesa m'mawa uliwonse mpaka nthaka kuchita kuwala. Ine ndinaikapo thebulo la matimati amene ndimakapikula kumsika waukulu wa Mbare Musika. Nyumba imodzi yokha, yoyandikana ndi yanga, ndiyo inali ndi kapinga. Kapinga weniweni, wotchetchedwa bwino, m'mbali mwake modulidwa motsata chingwe. Anali wa Bambo Fackson, ndipo panalibe munthu wololedwa kupondapo.

Kabwalo kake sikanali kakakulu. Mutayala mphasa zinayi, katha. Koma mpira ukagwerapo, ana ankaima pageti kudikira kuti mwini wake atuluke, avule nsapato, akautole yekha. Ngakhale munthu wowerenga mita ya madzi ankadziwa kuti pa nyumba imeneyo amayenda pa njerwa za m'mbali mwa mpanda.

A Fackson anabadwira ku Dedza. Anabwera kuno ali mnyamata, dziko lino la anthu olankhula Chishona lisanasinthe dzina, potsatira malume awo amene anali khukhi wa azungu ku Highlands, dera la anthu olemera. Malumewo anawapezera ntchito ya m'dimba pa nyumba ina ya komweko, ndipo anakalambira pa ntchito yomweyo. A Fackson ndi malemu bambo anga ankapemphera mpingo umodzi wa anthu a kwathu. Ndikuti kwathu, chonsecho ine sindinakapondeko. Atate anga atamwalira, a Fackson ndi akazi awo, Mayi Iris, ndi amene anatsala ondilankhula Chichewa osasakaniza ndi Chishona, ndipo ndinkawatenga ngati makolo anga.

Ku Highlands kuja kapinga anali wamkulu kuposa mapoloti atatu a kuno. Ana a bwana ankagubuduzikapo, agalu ankagonapo, alendo ankamwerapo tiyi Lamlungu. A Fackson ankadyera kuseri kwa galaja, atakhalira chitini chovundikira. Palibe amene anawauza kuti asakhale pa udzupo, anatero iwo eni, koma munthu amadziwa yekha malo ake. Zaka zonsezo anausamala udzu umenewo osaukhalirapo ndi tsiku limodzi lomwe.

Atapeza poloti ku Kuwadzana, nthawi imene kuno kunali fumbi ndi zikhomo zokhazokha, anamanga zipinda ziwiri ndi Mayi Iris. Denga lisanathe n'komwe, anabwera panjinga ndi thumba lonyowa lodzaza mitsitsi ya kapinga imene anaidula m'mphepete mwa bwalo la bwana, yoti ikanatayidwa kudzala. Mayi Iris anali atakonza kale zoti pakhomopo pakhale ndiwo. Anakangana mpaka anthu oyandikana nawo kutuluka m'nyumba. Mapeto ake ndiwo zinapita kuseri, pa kamzere kopapatiza pafupi ndi chimbudzi, ndipo kapinga anatenga pakhomo.

"Ine ndinakwatiwa pamitala," Mayi Iris ankatero akamandiuza pampanda. "Mkazi wamkulu ndi uyu wagona apayu. Amadya bwino, amamwa bwino, amametedwa sabata ndi sabata. Ine ndi wantchito wake."

Sankanama kwenikweni. Chaka cha a Fackson chinkayenda ndi kapinga. Mphepo ya mu Ogasiti ikayamba, ankatenga reki yachitsulo n'kukanda udzu wonse wakufa mpaka nthaka kuonekera, moti wodutsa ankaganiza kuti mkuluyu watopa nawo tsopano. Kenako ankapita ndi wilibala kuthengo la kuseri kwa njanji kukakumba dothi la pachulu. Ankalisefa pa waya wa bedi lakale, kulisakaniza ndi manyowa a nkhuku owola bwino, n'kuliwaza pang'onopang'ono ndi manja kuti nsonga za udzu zizionekabe. Mvula yoyamba ikagwa ankathira kafetereza kodzaza kapu, ndipo sankathira dzuwa likuswa mtengo, ankati amawotcha. Kuyambira Disembala mpaka mvula kutha, Loweruka lililonse tinkadzuka ndi phokoso la makina awo otchetchera udzu okankha ndi manja, amene bwana anawasiyira pochoka m'dziko muno. Ntchito ya zaka zonse zija, chimene anatuluka nacho ndi makina akale ndi mawondo owawa. Ine zimenezo zimandipsetsa mtima mpaka lero, koma iwo ankawapukuta makinawo ndi kuwathira mafuta ngati ndi galimoto.

Adani analinso ndi nyengo zawo. Mu Januwale kunkabwera mbozi, ndipo ankazitola ndi manja m'mawa mame asanaume. M'chilimwe kunkabwera chiswe chodula udzu. Koma mdani wamkulu anali Okutobala, mwezi umene kapinga wadzuka, akufuna madzi, ndipo mvula kulibe.

Kale zinali zosavuta, mpopi unkatuluka madzi. Kenako madzi anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako tinaiwala kuti mpopi ndi wa chiyani. Tonse tinayamba kupita kumjigo, umene kuno timati chibhorani, kukaima pamzere ndi zigubu. Nthawi imeneyo mawondo a a Fackson anali atakana kale, moti sakanatha kukankha wilibala ya madzi kukwera kamtunda ka kusukulu. Ntchitoyo inagwera Mayi Iris. Mayi amene ankanyoza kapinga tsiku lililonse ndi amene ankamutungira madzi. Ankasunga madzi otsukuluzira zovala, osati oyamba a sopo aja, ndi madzi otsukira mpunga, ndi otsala m'bafa. Amuna awo ankawathira madzulo ndi chitini choboola kunsi, akuyenda chogwada. Anthu kumjigo ankaseka. Ankati mayi wamkulu ngati uyu kusenza madzi omwetsa udzu woti ngakhale mbuzi alibe. Mayi Iris ankawayankha kuti aliyense ali ndi mtanda wake, wawo ndi wobiriwira.

Chimene ankapempha pa zonsezi chinali chimodzi: kukhala pa kapingapo. Msana unkawawawa, m'nyumba munkatentha, ndipo ankati pa udzupo m'pamene pamaoneka pozizira bwino. A Fackson nthawi zonse anali ndi chifukwa. Mu Seputembala ankati wangodzuka kumene, ngwanthete. M'dzinja ankati nthaka yafewa, mupanga dzenje. Mu Juni ankati wagona, mukamupsinja sadzuka bwino. Tsiku la Khirisimasi lokha, pochokera kutchalitchi, ankawalola kuyala chitenje. Mayi Iris ankakhala atatambasula miyendo, kapu ya tiyi m'manja, koma amuna awo ankangozungulirazungulira mpaka tiyi kusakoma. Tiyi akatha ankati, "Basi amake Norman, nyamukani apume."

Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinati, "Bambo, ku Highlands munkati simukanatha kukhala pa udzu chifukwa unali wa eni ake. Nanga kuno akukuletsani ndani?"

Anaseka, n'kukanda kumutu. "Ndinazolowera kumuyang'ana, mayi a Lorraine. Ndikakhalapo sindimuona."

Ndinangowasiya. Munthu wamkulu sungamuuze kuti wapusa, ngakhale mawu ali pakamwa.

Chaka chatha, mvula itangotha, Mayi Iris anagwa kumjigo. Anthu anawabweretsa kunyumba pa wilibala yawo yomwe. Anakhala masabata angapo akuti ndi chizungulire chabe, kenako miyendo inatupa, ndipo tinawatengera kuchipatala chachikulu m'tauni. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Norman, amagwira ntchito ku Joni. Mkazi wa Norman, Rumbi, mtsikana wachishona waulemu kwambiri, anachoka kwa makolo ake ku Hopley kudzakhala panyumbapo kuti aziphikira apongozi ake. A Fackson ankakwera minibasi, imene kuno timati kombi, m'mawa uliwonse ndi kabasiketi ka phala, n'kubwerera madzulo ali wefuwefu. Kwa nthawi yoyamba chibwerere ku Kuwadzana, kapinga anasowa womusamala. Sanatchetchedwe komaliza monga ankachitira mu Epulo. Chisoso ndi khakiwidi zinamera pakati pake, mapepala a m'misewu anakodwamo, kenako chisanu cha mu Juni chinafika n'kuumitsa zonse. Pakhomo pamene pankaimitsa anthu odutsa panasanduka ngati pa nyumba yosiyidwa.

Lamlungu lina ndinapita nawo kukazonda. Mayi Iris anali ataonda, mawu akutuluka pang'ono, koma pakamwa panali pomwe paja. Anayang'ana amuna awo n'kunena kuti, "Bambo a Norman, ndikatuluka muno ndikukagona pa mkazi mnzanga uja. Chagada, tsiku lonse. Mudzandithamangitse ndione."

Mukudziwa chimene a Fackson anayankha? Anati, "Panopa wauma, abaya. Dikirani mvula."

Ndinafuna kuwatsina. Mayi Iris anangoseka, n'kutembenukira kukhoma. Anatisiya kumayambiriro kwa Julaye.

Uthenga unafika m'mamawa. Norman anali asananyamuke ku Joni, ndiye ine ndinatseka thebulo langa n'kuperekeza a Fackson m'tauni kukayendetsa zonse zofunika kuti thupi lituluke ku nyumba yachisoni. Tisananyamuke Rumbi anamanga kansalu kofiira pageti, monga timachitira kuno kuti odutsa adziwe kuti pagwa zovuta. Ndinaimbiranso foni akuluakulu a mpingo wathu, umene uli kutali ndi kuno, kudera lakale kumene anthu a kwathu ambiri amakhala. M'tauni tinakhala tsiku lonse, kuchoka pa zenera ili kupita pa zenera ilo. A Fackson sanalire. Ankangoyankha zimene afunsidwa, chipewa chili m'manja.

Pobwerera, m'kombi, atapanikizika pakati pa ine ndi mayi wina wa thumba la mbatata, anayamba kulankhula osandiyang'ana.

"Mayi a Lorraine, tsiku loika, potulutsa bokosi m'nyumba kuti anthu aone nkhope, ndikufuna aliike pa kapinga."

Ndinati ndamva.

"Osati pa mipando ayi. Pansi, pa udzu penipeni. Anapempha kuti agonepo. Ndinawauza kuti adikire mvula." Kenako anapitiriza kunena za kapingayo. "Wauma, inde, koma sanafe. Amangogona. Ndidzuka m'mawa ndizule chisoso chija, nditole mapepala, ndimupese ndi reki. Akhala bwino ndithu. Mundithandize kuwauza anthu, ine mawu sanditulukira."

Ndinalonjeza. Ndinaona kuti chinthu chimenechi ndi chimene chawaimiritsa tsiku lonse, ndipo mumtima ndinati ngakhale abusa atakana, ndilimbana nawo.

Titakhota kulowa mumsewu wathu tinamva nyimbo. Amayi a mpingo anali atafika kale, atavala zoyera zawo. M'mbali mwa msewu munkafuka utsi. Ndinaganiza kuti ndi moto wa azibambo, mpaka tinafika pageti.

Pakhomo panali mbee. Nthaka yofiira, yopalidwa ndi makasu kuchokera pa sitepe mpaka pa mpanda, yosesedwa bwino, yowazidwa madzi kuti fumbi ligone. Mizere ya tsache inkaoneka. Mabenchi anali atandandalikidwa kale. Utsi uja unkachokera pa mulu wa udzu umene anautaya kunja kwa geti n'kuuyatsa, ndipo unali utatsala phulusa lokha.

Kwathu ndi mmene timachitira. Pakagwa maliro, amayi amafika msanga kudzakonza pakhomo, kulambula, kusesa, kuti anthu obwera asapeze manyazi a anamfedwa. Pa siwa payenera kukhala poyera, pokhala anthu, posonkha moto popanda choyaka. Amayi amenewa anachokera kutali, ambiri anali asanafikepo pa nyumbayi. Anapeza udzu wouma wofika m'akakolo, chisoso, mapepala, ndipo anamva chisoni kuti mkuluyu watanganidwa ndi matenda mpaka pakhomo kusanduka tchire. Anabwereka makasu kwa anthu a kuseri. Anthu a mumsewu wathu, amene akanawaletsa, anali kumsika ndi kumjigo.

Rumbi ndinamupeza kuseri pafupi ndi mpopi wouma uja, maso ali psuu. Anandiuza m'Chishona kuti anayesa. Anawauza kuti bambo salola munthu kukhudza pamenepo. Koma iye ndi mtengwa, ndiponso mwana, ndipo amayiwo anamuyankha kuti mtengwa wabwino akanapala yekha iwo asanafike. Anamutuma kukatunga madzi. Pobwera anapeza atafika kale pakati.

Mtsogoleri wawo, Mayi Agnes, mayi wamkulu wodziwika pa maliro onse a anthu a kwathu, anabwera kudzatilandira pageti. M'manja mwawo munali matuza. Anagwada pamaso pa a Fackson.

"Pepani bambo, pepani ndithu. Musadandaule za pakhomo, takonza. Udzu unakula, koma ife tikudziwa, matenda sapatsa mpata. Unali wolimba bwanji! Makasu awiri aguluka."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafunse ngati kwawo khasu amalowa nalo pakhomo pa eni osafunsa. A Fackson anandigwira pamkono. Anandigwira zolimba. Anayang'ana pansi popalidwapo nthawi yaitali, kenako anayang'ana matuza a Mayi Agnes.

"Zikomo mayi," anatero. "Mwagwira ntchito. Mulungu akudalitseni."

Akanatinso chiyani? Anthu asiya ntchito zawo, akwera makombi awiri, apala pakhomo pako ndi manja awo chifukwa chokonda mkazi wako. Namfedwa sakalipira omulira. Ndinalira pomwepo chifukwa cha ukali wosowa pouponya, ndipo amayi aja anandigwira n'kumanditonthoza poganiza kuti ndikulira maliro.

Tsiku lotsatira ndinayesa nzeru zanga zopanda pake. Ndinati ndipite kubwalo la sukulu ndikasenge udzu tiyale pamenepo. Ndinati Norman akafika atha kukagula kapinga wogulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Bulawayo, uja amadula ngati mabuloko. A Fackson anapukusa mutu.

"Sanapemphe udzu wa kusukulu. Anapempha uja ankamutungira madzi."

Tsiku loika, dzuwa litakwera, adzukulu anatulutsa bokosi m'nyumba. Anali atakonza mabenchi awiri oti aliikepo. A Fackson anaimirira, n'kundiyang'ana. Ndinapita kwa mkulu wa adzukulu kukamunong'oneza kuti bambo akupempha kuti bokosi liyambe latsikira pansi kanthawi kochepa. Anadabwa, anayang'ana abusa, abusa anayang'ana Norman, Norman sankadziwa kanthu. Wina kumbuyo ananong'ona kuti mwina ndi mwambo wa ku Dedza, ndipo zinathera pomwepo. Analitsitsa pa dothi lofiira lija, pakati penipeni.

A Fackson anayenda pang'onopang'ono, osavula nsapato, chifukwa panalibenso chovulira. Anagwada movutikira, mawondo akulira. Sanakhudze bokosi. Anaika chikhatho pansi m'mbali mwake, n'kusisita dothi. Ine ndinali pafupi, ndinamva.

"Amake Norman, mizu ilipo. Ili pansipa. Mwagonapo ndithu."

Anabwereza kawiri, ngati akufuna kuti wina awavomereze. Amayi anayambitsa nyimbo, adzukulu ananyamula bokosi n'kuliika pa mabenchi, ndipo pansi pake panali patamatirira fumbi. Mayi Agnes analipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo.

Ogasiti anafika, reki inakhala pamene inali. A Fackson sanapite kuchulu. Okutobala anatentha monga mwa masiku onse, ndipo palibe amene anasunga madzi otsukuluzira zovala. Rumbi anafunsa ngati angadzalepo ndiwo, iwo anati achite zimene akufuna, koma mtsikanayo sanalimbe mtima. A Fackson ankangokhala pa sitepe, chipewa pa bondo.

Mvula inagwa pakati pa Novembala, yamphamvu, masiku angapo motsatizana. Sabata isanathe pansi paja panatuluka timasamba tosongoka. Pofika Khirisimasi panali patadzaza, kupatula pamene azibambo anasonkha moto pa nthawi ya maliro. Kapinga anabwerera wobiriwira kuposa zaka zonse, wopanda manyowa, wopanda fetereza, wopanda munthu womupempha. Ine ndinamuda. Ndinkadutsa pageti osafuna kumuyang'ana.

Makina aja sanatulukenso. Udzu unakula n'kuyamba kukwera pa njerwa za m'mbali. Geti linkakhala lotsegula, ana ankalowa kutola mpira wawo ndi nsapato zamatope, ndipo mwini wake ankangowayang'ana.

Tsiku la Khirisimasi, pochokera kutchalitchi, ndinawapititsira a Fackson mpunga ndi nkhuku. Ndinayenda pa njerwa monga ndinazolowera. Analandira mbale, n'kuiika pambali osavundukula.

"Khalani, mayi a Lorraine."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mpando.

"Ayi, apo. Pa udzupo. Khalanipo."

Ndinavula nsapato, ndinayala chitenje, ndinakhala. Panali pofewa, pozizira bwino, monga mmene Mayi Iris ankanenera. Ndinasendera kumbali n'kuwauza kuti malo alipo, abwere. Anapukusa mutu.

"Ali bwanji?" anandifunsa. "Sakubaya?"

Ndinati sakubaya.

"Ngakhale mu Juni sabaya kwenikweni," anatero. "Ndinangonena."

Anakhalabe pa sitepe paja, ndipo mpunga unazizira m'mbale.